Timapepala ta chenji ta makhonsolo a ku Portugal: zoyang'ana musanagule

Pakati pa 1917 ndi 1925, munthu wa ku Portugal akagula buledi kapena machesi, kawirikawiri chenji chake sichinkakhala chachitsulo. Ankamupatsa kapepala kakang'ono ka 1, 2, 5 kapena 10 centavos, kolembedwa dzina la khonsolo ya kwawoko. Eni ake amatitcha cédulas, ndipo lero pali anthu amene amatisonkhanitsa tauni ndi tauni.

Chinabala timapepalati ndi nkhondo. Germany inalengeza nkhondo ndi Portugal mu March 1916, katundu n'kuyamba kukwera mtengo, ndipo escudo, ndalama yomwe inali itangokhazikitsidwa mu 1911, inagwa mphamvu. Zinafika poti mkuwa wa m'khobidi unali wodula kuposa mtengo wolembedwa pakhobidipo. Ndani angapereke khobidi lotere kusitolo? Ena anawabisa, ena anawasungunula, ndipo makobidi anangoti zii pamsika. Amene anapatsidwapo maswiti m'malo mwa chenji pagolosale akudziwa mkangano womwe umabuka zikatere.

Mu 1917 boma linalola Casa da Moeda, kumene amapanga makobidi a dzikolo, komanso bungwe lachifundo la Santa Casa da Misericórdia la ku Lisbon, kuti atulutse timapepala ta chenji. Sitinakwane. Makhonsolo anayamba kusindikiza tawotawo, kenaka zipatala, mabungwe a amalonda, ngakhale eni masitolo. Lamulo silinawapatse mphamvu imeneyo, koma boma linayang'ana kumbali kwa zaka zingapo, mpaka pamene makobidi atsopano a 1924 anatuluka ndipo timapepalato tinachotsedwa pamsika. Kufupi ndi kwathu kuno, Banco Nacional Ultramarino inatulutsanso ta 10, 20 ndi 50 centavos ku Mozambique mu 1914, koma imeneyo inali banki, nkhani yake ndi ina.

Kapepala ka khonsolo kankagwira ntchito m'dera la khonsoloyo basi. Mukapita tauni ina, wogulitsa ankatha kukakana. Tambiri tinkasindikizidwa ndi osindikiza a m'tauni momwemo, papepala lotchipa. Tina tili ndi chizindikiro cha tauniyo, linga lakale, tchalitchi kapena mlatho. Tina ndi malemba okhaokha. Ichi n'chimene chimakoka otolera, chifukwa kapepala kamodzi kamakuuzani chimene anthu a kumeneko ankanyadira.

Oyamba kumene amakonda kuthamangira koyera, kosapindika. Ine ndimawauza kuti ayambe akatembenuza. Funso loyamba ndi lakuti, kodi kanatulukadi mu ofesi ya khonsolo n'kupita kumsika? Umboni wake ndi nambala, siginecha ya mkulu wa khonsolo kapena msungichuma, chidindo cha inki, kapenanso chidindo chopanda inki chomwe chimangotukusira pepala. Chomalizachi sichioneka mukayang'ana molunjika. Pendeketsani kapepalako pafupi ndi windo kuti kuwala kubwere cham'mbali, mudzaona zilembo zikutumphuka. Si makhonsolo onse ankaika zonsezi, n'chifukwa chake muyenera kuyerekeza ndi tinzake ta tauni yomweyo. Koma kakakhala ndi malo a nambala kapena siginecha opanda kanthu, mwina ndi kotsala komwe sikanagwirepo ntchito. Totere sitabodza ayi, koma musalipire ngati mukugula komwe kanayendadi m'manja mwa anthu. Kwa ine, kakuda ndi thukuta, kong'ambika pang'ono m'mphepete koma ka chidindo chomveka, kamaposa koyera kopanda umboni.

Chenjeraninso ndi tojambula pamakina a masiku ano. Pa galasi lokuzira zinthu, totere timaonetsa timadontho ta mitundu yosiyanasiyana pomwe payenera kukhala mzere umodzi wa inki.

Otolera a ku Portugal amatchula timapepalati ndi manambala a m'kaundula yemwe analemba Mário de Almeida, n'chifukwa chake pamalonda mumaona zilembo "M.A." kenaka nambala. Wogulitsa akalephera kukuuzani nambalayo, funsani chithunzi cha mbali zonse ziwiri. Ndipo musayese kutolera dziko lonse, timapepalati tilipo tambirimbiri. Sankhani chigawo chimodzi, kaya Minho kaya Alentejo, mudzaphunzira msanga tomwe tili tosowa.

Pepala lake ndi lofooka, lapitirira zaka 100. Musalichape, musalisite, musamate selotepi pong'ambika, chifukwa zomatira zake zimalowa m'pepala n'kusiya banga lachikasu losachoka. Kumata m'pulasitiki wotenthetsa uja ndiye kupheratu mtengo wake. Ikani kalikonse m'kathumba kakekake kopanda mtundu wa pulasitiki wotchedwa PVC, kutali ndi dzuwa, ndipo nyengo ya mvula muzitsegula bokosilo kuona ngati chuku sichinayambe.