Chitseko cha oyendetsa ndege ndi phunziro lomwe linatsalira ku Bwabwata

Chitulukireni lipoti loyamba la ngozi ya Air India mu Julayi 2025, mkangano wakale wabukanso. Ndegeyo, Boeing 787 yopita ku London, inagwa pa 12 Juni itangonyamuka ku Ahmedabad. Anthu 260 anafa, ena m'ndegemo, ena pansi pomwe inagwera pa nyumba zogonamo ophunzira udokotala. Lipotilo linati masiwichi awiri opereka mafuta ku mainjini anasunthira pozimitsa motsatizana, kusiyana sekondi imodzi yokha. M'mawu omwe anajambulidwa, woyendetsa wina akumveka akufunsa mnzake chifukwa chake wazimitsa, mnzakeyo n'kuyankha kuti sanatero. Ofufuza sananene kuti wofunsayo ndi uti, komabe manyuzipepala ena akunja sanachedwe kuloza chala kaputeni. Mabungwe a oyendetsa ndege ku India anakwiya, ndipo bambo ake a kaputeniyo, munthu wokalamba, anakadandaula ku khoti lalikulu la dzikolo kuti dzina la mwana wawo lisaipitsidwe kafukufuku asanathe.

Ku Ahmedabad chitseko sichinali nkhani, chifukwa oyendetsa onse awiri anali pamipando yawo. Koma funso lomwe ladzukali ndi lomwe lakhala likuzungulira chitsekocho kwa zaka zoposa makumi awiri: titatchinga mdani wochokera kumbuyo, nanga amene wakhala kale kutsogoloyo timuteteza bwanji, ndipo ife tidziteteza bwanji kwa iye?

Kale chitseko cha chipinda cha oyendetsa ndege chinali chopepuka, chongolekanitsa phokoso. Ana ankatha kuitanidwa kukaona mabatani ndege ili m'mwamba. Kuopsa kwake kunaonekera ku Africa konkuno pa 23 Novembala 1996, pamene anyamata atatu analowa mwachiwawa kutsogolo kwa ndege ya Ethiopian Airlines yochokera ku Addis Ababa n'kulamula Kaputeni Leul Abate kuti alowere ku Australia. Mafuta anatha, ndegeyo inagwera m'nyanja pafupi ndi gombe la Comoros, ndipo anthu 125 mwa 175 anafa. Chitseko sichinasinthe. Chinasintha pa 11 Seputembala 2001 itadutsa, zigawenga 19 zitalanda ndege zinayi ku America n'kupha anthu pafupifupi 3,000. Bungwe loona za ndege ku America la FAA linalamula mu Januwale 2002 kuti pofika Epulo 2003 zitseko zikhale zolimba, zosabooleka ndi chipolopolo, ndipo bungwe loona za ndege pa dziko lonse lapansi la ICAO linatsatira ndi lamulo lake loyamba kugwira ntchito mu Novembala 2003 pa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu oposa 60.

Kagwiridwe ntchito ka loko ameneyu n'kofunika kukamvetsa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Pa Airbus A320, wofuna kulowa amadina batani panja, belu limalira mkati, ndipo woyendetsa amaona kaye amene ali pakhomo asanatsegule. Opanga anaganiziranso za tsiku limene oyendetsa onse akomoka. Anaikapo nambala yachinsinsi imene wogwira ntchito m'ndege angadine. Belu limalira kwa kanthawi, ndipo ngati mkatimo palibe wachitapo kanthu, loko amamasuka yekha kwa masekondi asanu. Koma munthu wamkati akasunthira siwichi pamene palembedwa LOCK, nambala ija imafa kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo. Anachita dala, poopa kuti chigawenga chingaike mpeni pakhosi pa wogwira ntchito kuti aulule nambalayo. Mawu omaliza anapatsidwa kwa amene ali mkati, pokhulupirira kuti wamkati ndiye wabwino nthawi zonse.

Olemba ambiri amati chikhulupiriro chimenechi chinasweka mu 2015 ku France. Ine ndimaona kuti chinasweka miyezi 16 m'mbuyo mwake, m'tchire la ku Namibia, ndi ndege ya anansi athu a ku Mozambique.

Lachisanu pa 29 Novembala 2013, ndege ya LAM nambala 470 inanyamuka ku Maputo nthawi ya 11 koloko m'mawa itapitirira pang'ono, kupita ku Luanda. Inali Embraer 190 yatsopano, yongogwira ntchito chaka chimodzi, dzina lake Chaimite. Munali anthu 33: ogwira ntchito asanu ndi mmodzi ndi okwera 27, ambiri a ku Mozambique ndi Angola, asanu a ku Portugal, ena mmodzimmodzi a ku France, Brazil ndi China. Kaputeni Herminio dos Santos Fernandes anali katswiri wa maola oposa 9,000 m'mwamba. Ndegeyo ili pa mafiti 38,000 pamwamba pa Botswana, wachiwiri wake anadzuka kupita kuchimbudzi, ndipo chitseko chinakiyidwa.

Zotsatira zake tikuzidziwa chifukwa makina onse awiri ojambula za ulendo anapezeka. Nambala ya kutalika komwe ndege iyenera kuulukira inasinthidwa ndi dzanja katatu: kuchoka pa 38,000 kufika pa 4,288, kenako 1,888, kenako 592. Nambala yomalizayi ili pansi pa nthaka ya dera limenelo. Liwiro nalo linasinthidwa kangapo, ndipo zotchinga mphepo za pamapiko zinatsegulidwa kuti ndege itsike msanga. Palibe uthenga wopempha thandizo womwe unatumizidwa kwa oyang'anira maulendo a ndege ku Gaborone. Mabelu ochenjeza akulira, pakumveka munthu akumenya chitseko mobwerezabwereza. Ndimaganiza kawirikawiri za mnyamata wachiwiri kwa kaputeni uja, amene anangochoka kwa mphindi zochepa monga achitira wantchito aliyense, n'kubwerera kudzapeza kuti khomo lomwe analiphunzira ngati chitetezo chake lamukana. Zigoba za ndegeyo zinapezeka tsiku lotsatira m'nkhalango yotetezedwa ya Bwabwata. Palibe anapulumuka.

Pa 21 Disembala chaka chomwecho, mkulu wa bungwe loona za ndege ku Mozambique, João Abreu, anauza atolankhani kuti zomwe zapezeka zikusonyeza kuti kaputeni anali ndi cholinga chogwetsa ndegeyo. Si onse anavomera. Bungwe la AMOPAR, la makampani oyendetsa ndege m'dzikolo, linati zomwe kaputeni anachita zikufanana ndi zomwe buku la ndegeyo limalamula pofuna kutsika mwadzidzidzi pakagwa vuto. Mfundo imeneyi siyopepuka, ndipo n'zomveka kuti anzake a munthu wakufa safuna kuti aweruzidwe iye palibe. Koma ikuvuta kuimika. Wotsika chifukwa cha vuto amaima pa kutalika komwe anthu angapume bwino, sasankha nambala ya pansi pa nthaka, ndipo sakhala chete mnzake akugogoda. Lipoti lomaliza la ofufuza a ku Namibia, lomwe linatuluka mu Marichi 2016, linaika chifukwa cha ngoziyo pa zochita za munthu amene anatsala yekha kutsogolo. Linatchulanso mavuto a m'banja omwe kaputeniyo ankadutsamo, kuphatikizapo imfa ya mwana wake wamwamuna chaka chimodzi m'mbuyomo. Zomwe zinali mumtima mwake tsiku limenelo, makina sanajambule, ndipo lipoti silinganene.

Pakutha pa 2013 zonse zofunika zinali poyera: woyendetsa mmodzi, chitseko chokiya, batani la kutalika. Pasanathe miyezi itatu chigwereni ndegeyo, pa 17 Febuluwale 2014, wachiwiri kwa kaputeni wa ndege ya Ethiopian Airlines yopita ku Rome anakiyira mnzake panja atapita kuchimbudzi, n'kukatera ku Geneva kukapempha malo obisala. Pamenepo palibe anafa. Malamulo a ku Ulaya sanasunthe. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndipo mawa lake linafika pa 24 Marichi 2015.

Ndege ya Germanwings nambala 9525, Airbus A320, inkachokera ku Barcelona kupita ku Düsseldorf ndi anthu 150. Mwa iwo munali ana asukulu 16 ndi aphunzitsi awo awiri a m'tauni ya Haltern am See. Cha m'ma 10:30 m'mawa, ndege ili pa mafiti 38,000, Kaputeni Patrick Sondenheimer anatuluka. Wachiwiri wake, Andreas Lubitz, wa zaka 27, anasintha nambala ya kutalika kufika pa mafiti 100. Oyang'anira maulendo ku Marseille anaitana maulendo 11 osayankhidwa. Pakumveka kupuma kwa Lubitz ndi kumenya chitseko. Nthawi ya 10:41 ndegeyo inaomba phiri pafupi ndi Prads-Haute-Bléone. Ofufuza a bungwe la BEA, lofufuza ngozi za ndege ku France, anapezanso kuti m'mawa womwewo, popita ku Barcelona, Lubitz anali atayesera kale kuika nambala ya 100 kangapo kaputeni atatuluka. A boma ku Düsseldorf anati masiku apitawo anafufuza pa intaneti za chitetezo cha zitseko zimenezi ndi za njira zodziphera.

Apa dziko linathamanga. Pasanathe masiku anayi, bungwe loona za chitetezo cha ndege ku Ulaya la EASA linalangiza kuti m'chipindamo muzikhala anthu awiri nthawi zonse, kuti woyendetsa wina akatuluka, wogwira ntchito m'ndege azilowa. Ku America lamuloli linalipo kale. Imfa 33 za ku Bwabwata sizinabweretse changu chotere, ndipo ndikukayika ngati kusiyana kwa chiwerengero kokha n'kumene kungafotokoze zimenezi.

Komabe chitseko sitingachisenzetse mlandu wonse. Ndege ya SilkAir yomwe inagwera mumtsinje wa Musi ku Indonesia mu 1997, n'kupha anthu 104, ndi ya EgyptAir yomwe inagwera m'nyanja pafupi ndi chilumba cha Nantucket ku America mu 1999, n'kupha 217, zonse zinagwa zitseko zolimba zisanabwere. Pa zonse ziwiri ofufuza a ku America analoza woyendetsa. A ku Indonesia anati umboni ndi wosakwanira, a ku Egypt anati makina owongolera ndiwo analephera, ndipo kusagwirizanako sikunathe. Pa EgyptAir kaputeni anabwerera n'kulowa, koma ndege sinapulumuke. Ndipo mu Marichi 2012, pa ndege ya JetBlue ku America, loko yemweyu ndiye anapulumutsa anthu, wachiwiri atatsekera panja kaputeni amene mutu unamusokonekera ali m'mwamba.

N'chifukwa chake lipoti la BEA la mu Marichi 2016 silinalimbikitse kusintha chitseko. Linayang'ana kwa madokotala. Lubitz anadwala matenda ovutika maganizo mu 2008 mpaka kuimitsa maphunziro ake. Woimira boma pa milandu ku Marseille, Brice Robin, anati m'zaka zisanu anaonana ndi madokotala 41. Masabata awiri ngozi isanachitike, dokotala wina anamulangiza kuti akagonekedwe kuchipatala cha odwala maganizo. Palibe anadziwitsa kampani kapena boma, chifukwa malamulo a ku Germany osunga chinsinsi cha wodwala ndi okhwima. Mnyamatayo ankaopa kuti akaulula ataya chiphaso, ntchito ndi ndalama zonse zomwe anawononga pophunzira. Pamenepa m'pamene ndimamva chisoni ndi oyendetsa ndege ambirimbiri amene sadzavulaza munthu m'moyo wawo, koma amabisa kusowa tulo ndi maliro a mumtima poopa zomwezo. Mu 2018 Ulaya anakhazikitsa lamulo loti makampani aziyeza maganizo a woyendetsa asanayambe ntchito, ndiponso akhale ndi njira yoti wovutika apeze thandizo kwa anzake.

Bambo ake a Lubitz sanavomere zomwe ofufuza anapeza. Anaitana atolankhani ku Berlin pa 24 Marichi 2017, tsiku lenileni lokumbukira ngoziyo, zomwe zinapweteka kwambiri mabanja a omwalira. Lamulo la anthu awiri nalo silinakhalitse. EASA inalifewetsa mu 2016, n'kusiyira kampani iliyonse kuti iziunika yokha. Mu 2017 makampani a ku Germany analisiya, ponena kuti kusinthana anthu pakhomopo kumachititsa kuti chitseko chizitseguka kawirikawiri, nthawi yake n'kumadziwika kwa aliyense wokhala mipando yakutsogolo. America inapita kwina: mu 2023 FAA inalamula kuti ndege zatsopano zikhale ndi chotchinga chachiwiri kutsogolo kwa chitseko, choti chizitsekedwa woyendetsa akamapita kuchimbudzi.