Malo 16 a ku Davis ndi khomo lakuseri la ana a olemera

Chigamulo cha pa 29 June 2023 chikadakanganitsabe anthu ku America. Patsikuli khothi lalikulu linaletsa mayunivesite kuyang'ana mtundu wa munthu posankha ophunzira. Oimbidwa mlandu anali mayunivesite a Harvard ndi North Carolina, ndipo odandaula ankati ana a mabanja ochokera ku Asia akuponderezedwa. Koma ine ndimaona kuti nkhaniyi inakhotera mu 1978.

Allan Bakke, mzungu, injiniya amene anamenyako nkhondo ku Vietnam, anafunsira malo pasukulu ya udokotala ya University of California ku Davis mu 1973 ndi 1974. Kawiri konse anamukana. Sukuluyo inkatenga ophunzira 100 pachaka, ndipo malo 16 inkasungira akuda ndi mitundu ina yochepa. Amene anakula akumva mkangano wa kota kwathu kuno aidziwa fungo nkhaniyi. Kodi popanda malo 16 aja Bakke akanalowa? Palibe angalumbire. Olemba ena amati msinkhu unamupinganso, poti anali atadutsa zaka 30, koma yunivesite inavomera yokha kuti singathe kutsimikiza kuti akanakanidwa ndithu.

Bakke anasumira yunivesiteyo, ndipo mlandu utafika kukhothi lalikulu, mu 1978 oweruza anagawikana, anayi uku, anayi uko, Lewis Powell pakati. Powell anati kusungira malo n'kosaloledwa, Bakke alowe. Anakananso zoti yunivesite izibweza ngongole ya tsankho la dziko lonse. Chimene analola n'chakuti mtundu uziganiziridwa pamodzi ndi zina, chifukwa kalasi yosakanikirana imaphunzira bwino, ndipo chitsanzo chabwino anatchula Harvard yomweyi. Thurgood Marshall, woweruza wakuda woyamba m'khothimo, chidzukulu cha akapolo, analemba payekha kukumbutsa anzake za ukapolo ndi zaka zonse zimene malamulo ankatsekereza akuda. Mawu ake sanapambane. Kuyambira pamenepo mwana wakuda sankalowanso ngati wodzatenga chake, koma ngati mchere wokoleretsa ndiwo za anzake.

Zaka zapakatizi zinangoyenda m'kanjira ka Powell. Mu 2003 woweruza wina wa khothi lomwelo, Sandra Day O'Connor, anati akuyembekeza kuti pakatha zaka 25 njirayi sidzafunikanso. Inatha pa zaka 20.

Mlandu wa Harvard unavundukulanso china. Katswiri wa zachuma Peter Arcidiacono ndi anzake anapeza kuti mwa azungu 100 alionse olandiridwa kumeneko, oposa 43 anali amasewera, ana a ophunzira akale, ana a ogwira ntchito pasukulupo, kapena a pamndandanda wapadera umene mumapezeka abale a opereka ndalama. Arcidiacono anali mboni ya odandaula, choncho tizimumva mosamala, komabe manambalawo anachokera m'mafayilo a Harvard momwemo.

Khomo lakuseri limeneli chigamulo cha 2023 sichinalikhudze. Zigawo zina, monga Colorado, Virginia ndi California, zachita kukhazikitsa malamulo awoawo oletsa kukondera ana a ophunzira akale.