Mawu a pa thanki ya mafuta aja, "inflammable", anachokera kuti?

Dzulo pa mzere wa petulo anyamata awiri anatsala pang'ono kugwirana makolala chifukwa cha mawu olembedwa pa thanki, HIGHLY INFLAMMABLE. Wina amvekere ndiye kuti siingayake imeneyo, si paja invisible ndi chosaoneka, incomplete chosakwanira? Mnzake akuti aise, imeneyo imayaka koopsa. Wachiwiriyo amanena zoona, koma woyambayo ine sindingamuseke.

Vuto ndi loti Chilatini chinali ndi ma in- awiri. Wina amatanthauza kukana, winayo amatanthauza kulowetsa m'kati, ndipo wachiwiriyu ndi amene anaphatikana ndi flamma, lawi la moto, nkukhala inflammare, kuyatsa chinthu. Chingerezi chinatola inflammable cha m'ma 1600, ndipo kwa zaka mazanamazana amangolemba choncho. Flammable wopanda in- madikishonale amamupeza mu 1813 koma sanafale, anangokhala phee.

Zinadzatembenuka m'ma 1920 ku America. Galimoto zachuluka, petulo ali paliponse, mafakitale adzaza migolo ya mankhwala oyaka ndipo ambiri ogwira ntchitomo anali obwera, Chingerezi chongophunzira ukulu, ndiye a National Fire Protection Association, bungwe loona zopewa ngozi za moto, anayamba kulimbikitsa kuti pa zikwangwani pazilembedwa flammable, chosayaka chizikhala nonflammable, kuti munthu asamaime pa mgolo nkumaganiza kuti in- uyu ndi uti. Makampani a inshuwalansi anagwirizana nazo, paja moto ukabuka olipira ndi iwo. Ena amakonda kunena kuti anayambitsa ndi Benjamin Lee Whorf, katswiri wa zilankhulo amene amagwira ntchito yoyendera za moto ku kampani ya inshuwalansi ya Hartford Fire Insurance Company. Zoti amagwira kumeneko nzoona, koma zoti ganizo linali lake zimangokambidwa, umboni wake ndi wochepa. Ku Britain anachedwa, British Standards Institution, bungwe lawo loona za miyezo ya zinthu, inadzanena zomwezo mu 1959.

Okonda galamala anadandaula ndithu, ati mawu olondola akutayidwa chifukwa cha osadziwa. Chabwino, koma iwowo samatsitsa migolo. Pa thanki kulondola kwa Chilatini ine sindikuona ntchito yake.

Afalansa sanasinthe, mpaka pano amati inflammable, chosayaka amati ininflammable, ma in- onse awiri mawu amodzi! Chipwitikizinso chimodzimodzi, mathanki ochokera ku Beira mukawayang'ana bwino muona palembedwa inflamável.