Msewu umafera pansi

Munthu wa ku Ulónguè kapena ku Tsangano akamva zoti nyanja ya mchere ikukwera, amangoti izo n'za anthu a ku Beira. Koma feteleza amene timathira ku mbatata, mafuta a chapa (maminibasi) ndi zitsulo zomangira, zambiri zimatsikira pa doko la Beira, n'kuyenda pa msewu wa EN6 kudzera ku Dondo ndi ku Nhamatanda, kenako n'kukhotera pa N7 kubwera ku Tete. Namondwe Idai atagunda Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, EN6 inaduka ndipo malole anaima masiku angapo. Msewu umenewu ndi wathunso.

Kuyambira cha m'ma 1900 nyanja yakwera ndi masentimita pafupifupi 20, ndipo masiku ano ikukwera ndi mamilimita pafupifupi 4 pa chaka. Zifukwa zake n'ziwiri: madzi akatentha amafufuma, komanso madzi oundana a ku Greenland, ku Antarctica ndi a m'mapiri akusungunuka. Mamilimita 4 ndi kanthu kakang'ono zedi, kosafika ndi kukula kwa njere ya chimanga. Vuto ndi lakuti Beira inamangidwa pa chidambo chathyathyathya, ndipo nyanja ya kumeneko ikamadzaza imakwera ndi mamita 6 nthawi zina. Pamalo otere, kakang'ono kameneka kakakumana ndi mvula ndi mphepo ya namondwe tsiku limodzi, madzi a m'ngalande amasowa kotsikira, amabwerera m'mbuyo.

Ife ogwira ntchito ya misewu phula sitiliopera kwenikweni. Phula ndi chipewa chabe. Chimene chimanyamula lole ndi miyala yophwanya ndi dothi lotsendera zimene zili pansi pake, ndipo zimenezi zimalimba zikakhala zouma. Nyanja ikakwera, madzi a pansi pa nthaka nawo amakwera, n'kumanyowetsa maziko mwakachetechete ngakhale kunja kuli ng'amba. Lole yolemera ikadutsa, mazikowo amanyema ngati nsima yosakhwima. Poyamba mudzaona ming'alu yangati chikopa cha ng'ona, kenako timadzi tamatope tikutumphuka m'ming'alumo tayala likapondapo. Mukaona zimenezo, dzenje lili pafupi. Mchere nawo uli ndi ntchito yake: umalowa m'simenti ya mlatho, zitsulo za mkati zimachita dzimbiri n'kutupa, simentiyo n'kuyamba kuthetheka.

Ndiye amatani? Pena amakweza msewu, koma msewu wokwezedwa wopanda makalavati okwanira umasanduka damu, ndipo madzi akasefukira pamwamba amayamba kudya mbali ya kumunsi mpaka kuudula. Pena amaunjika miyala ikuluikulu m'mphepete, atayala kaye nsalu yapadera pansi kuti mchenga usakokoloke m'mipata. Ku Beira anatsegulanso kamtsinje ka Chiveve kamene kanali katatsekeka, n'kuika zitseko zimene amatseka nyanja ikamadzaza ndi kutsegula ikaphwa. Palinso mitengo ya m'matope imene amati mangal, yomwe imafooketsa mafunde asanafike pa msewu. Ine ndimaiwerengera ngati khoma lodzikonza lokha, koma anthu amaidula kufuna makala ndi milimo. Ndipo pali malo ena amene kunena zoona msewu uyenera kungosamutsidwa, ngakhale andale sakonda kumva zimenezo.

Kuno kulibe nyanja, koma tonse tinaona mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ku Tete utaduka mu Januwale 2022 ndi namondwe Ana. Madzi akakwiya amakumba pansi pa mizati, ndipo makalavati ambiri anayezedwa ndi mvula ya kale. Chaka china ndinaitanidwa pa msewu wina umene unaduka usiku umodzi. Titakumba tinapeza kalavati ili bwinobwino, yosang'aluka paliponse, kungoti pakamwa pake panali mapesi, mapepala a pulasitiki ndi mchenga wofika m'chiuno. Anthu awiri okhala ndi mafosholo akanaitsegula mu Okutobala dzuwa lisanapendeke.