Kuyenda m'mbali mwa gombe pa boti laling'ono la matanga

Boti la matanga la mamita 8 kapena 9 limayenda pang'onopang'ono kuposa munthu wopalasa njinga mosathamanga. Liwiro la panyanja amaliwerenga mu ma knot, ndipo knot imodzi ndi mailo imodzi ya panyanja pa ola, kutanthauza mamita 1,852. Boti lotere mphepo ikakhala yabwino limafika ma knot 6, koma pokonza ulendo muziwerengera ma knot 4, chifukwa mphepo imatha kufooka masana, ndiponso kutuluka ndi kulowa padoko kumadya nthawi. Ndiye ulendo wa tsiku limodzi woti anthu asatope usapitirire mailosi 20 kapena 25, maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Kuchedwa kumeneku ndiye kumalamulira china chilichonse pa ulendo wa masiku ochepa m'nyengo yotentha. Nyengo ikasintha simungaithawe, ndipo gombe limene likuoneka ngati pothawira ndi komwenso kuli miyala, madzi osaya, zingwe za misampha ya asodzi ndi zombo zikuluzikulu.

Mtunda wa pamapu usakunamizeni. Boti la matanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Limayandikirako mpaka madigiri pafupifupi 45 basi, ndiye limayenda mokhotakhota, uku ndi uku. Doko likakhala mailosi 20 kumene kukuchokera mphepo, mudzayenda mailosi osachepera 28, ndipo mafunde akamakubwezani komanso boti likamatsetserekera cham'mbali, amakwana 30 ndi kupitirira. Poyeza mtunda pamapu a panyanja gwiritsani ntchito manambala a m'mbali, kumanzere kapena kumanja, osati a pamwamba kapena pansi: manambala a m'mbaliwo ndi a latitude, ndipo miniti imodzi pamenepo, gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri, ndi mailo imodzi.

Panyanja yamchere madzi amadzala ndi kuphwa, ndipo m'magombe ambiri zimachitika kawiri pa tsiku. Kuchoka pamene adzala kufika pamene adzalanso pamapita pafupifupi maola 12 ndi mphindi 25, motero nthawi yake imachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, madzi amakwera kwambiri ndi kutsika kwambiri. Ukakhala theka, kusiyanako kumachepa. Malo amasiyananso. Ku Mediterranean ndi ku Baltic kusiyanako n'kochepa, pamene ku Saint-Malo ku France kumafika mamita 12. Buku la nthawi za madzi la dera limene mukuyendalo n'lofunika ngati mapu omwe.

Madzi sakwera mofanana ola lililonse. Gawani kusiyana konse pa 12: ola loyamba amakwera gawo limodzi, lachiwiri magawo awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Kusiyana kukakhala mamita 3.6, ola loyamba amakwera masentimita 30 okha, koma m'maola awiri apakati amakwera mamita 1.8, theka la zonse. Pakuphwa ndi chimodzimodzi. N'chifukwa chake kulowa malo osaya madzi akuphwa n'kudziputira mavuto: keel, chitsulo cholemera cha pansi pa boti chija, ikakhudza mchenga pa ola lachitatu, pakangopita mphindi khumi madzi atsika kale masentimita 15, ndipo boti lidzagona cham'mbali mpaka madzi abwerere. Lowani madzi akukwera, kuti mukakhudza pansi akunyamuleni okha.

Madzi akamadzala ndi kuphwa amayendanso m'mbali mwa gombe, maola pafupifupi asanu ndi limodzi kulowera uku, kenaka n'kutembenuka. Apa ndi pamene ulendo umakomera kapena kuwawa. Tinene kuti boti likuyenda ma knot 4, madzi akuyenda ma knot 2. Mukamapita nawo limodzi mukudutsa gombe pa ma knot 6, mukamalimbana nawo, pa ma knot 2. Mailosi 12 omwewo ndi maola awiri kapena maola asanu ndi limodzi. Choncho nthawi yonyamukira sisankhidwa ndi tulo. Ngati madzi atembenuka 5 koloko m'mawa, mudzuke m'bandakucha. Samalani kwambiri pa nsonga za mtunda zolowa m'nyanja, pamene madzi amapanikizika n'kuthamanga. Mphepo ikamawomba molimbana ndi kumene madziwo akupita, mafunde amafupika n'kuima chilili, moti mphepo imene inali yosangalatsa ola lapitalo imayamba kuthira madzi m'boti. Dutsani malo otere pamene madzi akutembenuka, kapena atalikireni mailosi angapo.

Za mphepo, mverani zolosera nyengo za panyanja m'mawa ndi madzulo, osati za pamtunda. Amagwiritsa ntchito muyeso wa Beaufort: 4 ndi ma knot 11 mpaka 16, 5 ndi 17 mpaka 21, 6 ndi 22 mpaka 27. Kwa boti laling'ono lokhala ndi anthu osazolowera, 4 ndi yokoma, 5 ndi ntchito, 6 ndi tsiku lokhala padoko. Mphamvu ya mphepo pa thanga sikwera mofanana ndi liwiro lake: mphepo ikachoka pa ma knot 10 kufika 20, thanga limakankhidwa kanayi. M'nyengo yotentha pali chinanso chimene zolosera zambiri sizinena bwino. Dzuwa limatenthetsa mtunda msanga kuposa madzi, mpweya wotentha wa pamtunda umakwera, ndipo wozizira wa panyanja umathamangira kugombe. Mphepo imeneyi imayamba chakumasana n'kukula madzulo dzuwa lisanapendeke kwambiri, ndipo ikaphatikana ndi imene inalipo kale, tsiku loyamba bata limatha ndi mafunde oyera.

Chepetsani thanga msanga. Zizindikiro zake n'zosabisika: boti lapendekeka kupitirira madigiri 20, chiwongolero chalemera, mutu wa boti ukufuna kutembenukira kumphepo wokha. Pa maboti ambiri a msinkhu uwu zimayamba mphepo ikafika ma knot 15 mpaka 18. Yandikizani boti kumphepo, masulani chingwe chowongolera thanga lalikulu mpaka liyambe kupepeluka, tsitsani chingwe chokwezera, kolekani mphete ya kutsogolo ya thangalo pa ngowe yake, kwezaninso mpaka likungike, kenaka kokani chingwe cha kumbuyo mpaka mbali ya pansi ilimbe. Mukasokoneza ndondomekoyi n'kuyamba kukoka chakumbuyo chakutsogolo chisanakungike, mumang'amba thanga pamene lagwirira mlongoti. Boti lochepetsedwa thanga nthawi zambiri silitaya liwiro, chifukwa limayenda chowongoka. Ngati mukukayika musananyamuke, chepetserani padoko pomwe. Kutambasula thanga panyanja n'kosavuta kusiyana ndi kulichepetsa mafunde akukuwombani.

Mphepo ikamachokera kumbuyo anthu amatayirira, chifukwa imamveka yofooka. Apa choopsa ndi boom, mtanda umene umagwira thanga lalikulu chakunsi. Woyendetsa akangopotoka pang'ono, mphepo imalowa kuseri kwa thanga ndipo mtandawo umawoloka boti lonse mwamphamvu, pa msinkhu wa mutu wa munthu. Mangani chingwe kuchoka kunsonga ya boom kupita kumutu kwa boti n'kubwerera nacho pamene mwakhala, kuti mutha kuchimasula msanga.

Kugona pa nangula ndiye kukoma kwa maulendo amenewa, komanso ndi pamene masamu olakwika amaonekera usiku. Sankhani malo amene mphepo ikuchokera kumtunda, ndipo funsani zolosera ngati idzatembenuke. Gombe limene mphepo ikukukankhirani ndi loipa: nangula akaguluka, mumapita pamiyala. Pansi pa mchenga kapena matope olimba nangula amagwira bwino. Pa udzu wa m'madzi amatsetsereka, pa miyala amatha kukodwa osatulukanso. Mapu amalemba mtundu wa pansi ndi zilembo, S mchenga, M matope, R miyala.

Nangula sagwira ndi kulemera kwake ayi. Amagwira chifukwa unyolo ukumukoka chogona, n'kumamukwirira pansi. Unyolo ukafupika umamukokera m'mwamba, n'kumuzula. Ngati ndi unyolo wokhawokha, tulutsani utali wa kanayi kuya kwa madzi. Ngati mbali yaikulu ndi chingwe, kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri. Kuyako ndi kwa nthawi imene madzi adzadzale, kuphatikizapo msinkhu wa mutu wa boti kuchoka pamadzi. Mwafika madzi ataphwa, makina oyezera kuya akuonetsa mamita 3, madzi adzakwera mamita 3.6, mutu wa boti uli mita imodzi pamwamba: zonse ndi mamita 7.6, ndiye unyolo ukhale mamita 30. Amene wangowerenga mamita atatu aja n'kutulutsa mamita 12 adzadzuka pakati pa usiku boti likuyenda lokha. Mukafika madzi atadzala, funso ndi lina: adzatsala okwanira pansi pa keel akadzaphwa?

Musaponye nangula ndi unyolo wonse pamodzi, umaunjikana pamwamba pake n'kumukola. Imitsani boti mutu uli kumphepo, mutsitseni mpaka akhudze pansi, ndipo muzitulutsa unyolo pang'onopang'ono boti likubwerera m'mbuyo. Mukamanga, ikani injini giya ya m'mbuyo, poyamba pang'ono, kenaka mwamphamvu kwa theka la miniti. Yang'anani zinthu ziwiri za pamtunda zimene zili mzere umodzi cham'mbali mwanu, monga mtengo ndi nyumba ya kuseri kwake. Zikamasiyana, nangula akukwekwereka, ndipo mukagwira unyolo mudzamva ukunjenjemera. Zulani muyambirenso. Kumbukiraninso kuti boti lidzazungulira nangula wake madzi akatembenuka, ndiye siyani malo pakati pa inu ndi anzanu. Usiku yatsani nyale yoyera yooneka mbali zonse, masana kwezani mpira wakuda kutsogolo.

Injini ndi imene imakulowetsani padoko, ndipo imakonda kufa pakhomo penipeni. Chifukwa chake chimadziwika: zinyalala ndi madzi zimene zinakhazikika pansi pa thanki boti lili chiimire zimavunduka ndi mafunde n'kutseka sefa ya mafuta. Nyamulani sefa ziwiri zapadera, ndipo phunzirani kuchotsa mpweya m'mapaipi a dizilo muli padoko, osati mafunde akukugwedezani. M'mawa uliwonse onani oyilo, madzi oziziritsa, kulimba kwa lamba ndi kasefa ka madzi a m'nyanja. Mukaliza injini, suzumirani kumbuyo: madzi ayenera kumatuluka limodzi ndi utsi. Akapanda kutuluka zimitsani pomwepo. Mwina pulasitiki yatseka polowera madzi, mwina impeller, kagudumu ka labala ka m'pampu, kathyoka mapiko, ndipo kamapsa m'mphindi zochepa kakazungulira kouma. Injini ya boti lotere imamwa lita imodzi kapena awiri pa ola. Gawo limodzi mwa magawo atatu a thanki likhale losakhudza. Polowa padoko musavule thanga lalikulu n'kulikulunga kotheratu, ndipo nangula akhale wokonzeka kutsika.

Madzi akumwa ndi ophikira muwerengere malita 4 kapena 5 munthu mmodzi pa tsiku, ndipo ena akhale m'mabotolo paokha, kuti thanki ikadontha musasowe. Batire wamba la 100 Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga) muligwiritse ntchito theka lokha, ndipo firiji yokha imatha kudya 30 mpaka 50 Ah pa tsiku kukatentha. Batire lolizira injini likhale lakelake. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, akadontha amatsikira pansi pa boti n'kukhala pomwepo kudikira moto, ndiye muzitseka pa botolo penipeni mukatha kuphika. Pa bowo lililonse la pansi pa boti pali mpopi wotsekera. Aliyense adziwe pamene uli, ndipo pambali pake pamangidwe chitsekero cha mtengo chosongoka.

Malamulo a panjira ndi a dziko lonse lapansi, a 1972. Maboti awiri a matanga akakumana, limene mphepo ikulowera kumanzere kwake limapatuka. Onse ikamawalowera mbali imodzi, limapatuka limene lili kufupi ndi kochokera mphepo. Mukangoliza injini n'kuika giya, ndinu boti la injini ngakhale matanga ali m'mwamba. Mu ngalande yopapatiza musatsekereze chombo chachikulu, sichingapatuke ndipo sichingaime msanga. Zizindikiro zoyandama zili m'magulu awiri: ku Ulaya, Africa, Australia ndi mbali yaikulu ya Asia chofiira chimakhala kumanzere polowa padoko, pamene ku America, Japan, South Korea ndi Philippines chimakhala kumanja.

Wailesi ya VHF, yolankhulirana panyanja, ikhale pa tchanelo 16. Poitana thandizo, mawu oti Mayday ndi a pamene moyo uli pangozi, oti Pan-Pan ndi a vuto lalikulu limene silinafike pamenepo, ndipo munthu wina kupatula woyendetsa adziwe kuitana ndi kuwerenga pamene boti lili. Jekete yoyandamitsa ya 150 N (N ndi muyeso wa mphamvu yake yoyandamitsa) ivalidwe ndi lamba wake wodutsa pakati pa miyendo, apo ayi imakwera kumutu munthu akagwera m'madzi. Onaninso kuti kabotolo kake ka gasi woifufumitsa n'komanga bwino, chifukwa kamamasuka kokha. Wodwala nseru asatsikire m'kati, akhale panja akuyang'ana kumene nyanja yakumana ndi thambo, amangiriridwe ku boti, ndipo ngati angathe mupatseni chiwongolero.

Musananyamuke lembani papepala nthawi ya madzi, njira ya pa kampasi, zizindikiro zimene mudzadutse, ndi doko lina lothawirako limene mungalowe madzi ali pa msinkhu uliwonse, makamaka limene mphepo ingakufikitseni mosalimbana nayo. Foni ndi GPS zimathandiza, koma zimatha moto ndipo sizioneka bwino padzuwa, ndiye ola lililonse lembani pamapu pamene muli. Konzani zofika kudakali maola awiri dzuwa lisanalowe, uzani munthu wa kumtunda kumene mukupita ndi nthawi yoti ayambe kuda nkhawa, ndipo pa ulendo wa masiku asanu siyani tsiku limodzi lopanda pulani, kuti mphepo ikafika 6 tsiku lobwerera musakakamizike kutuluka chifukwa cha ntchito ya Lolemba.