Mwasiya kusamba chifukwa cha jakisoni? Magaziwo sakuunjikana mmimba ayi

Sabata simatha ku kiliniki ya zakulera osamva funso ili, "anesi, chibayitsireni jakisoni uja sindikupita kumwezi, nde magazi aja akupita kuti?" Ena amachita kunong'ona, ena amabwera atauzidwa kale kumjigo kuti magaziwo akuundana mmimba ndipo tsiku lina adzasanduka chotupa.

Jakisoni amene timangoti Depo uja muli mankhwala ofanana ndi homoni ya progesterone yomwe thupi la mayi limapanga lokha. Timabaya 150mg mumnofu, pamkono kapena pathako, miyezi 3 iliyonse, kunena kuti masabata 13. Amaletsa dzira kukhwima ndi kutuluka, komanso amakhuthalitsa chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti umuna uvutike kudutsa.

Tsono msambo si magazi oipa amene thupi limataya ayi. Mwezi uliwonse chiberekero chimayala kanyama kofewa mkati mwake ngati mmene timayalira mphasa podikira mlendo, mlendo uja akapanda kubwera mphasayo imayalulidwa, ndiwo magazi mumawaona aja. Mukakhala pa jakisoni mphasa ija siyalidwa nkomwe kapena imangokhala yopyapyala kwambiri, nde palibe choti chituluke, palibenso chomwe chikutsalira mkati. Pomatha chaka pafupifupi theka la amayi obayitsa Depo amakhala atasiya kusamba ndipo ali bwinobwino, kwa mayi wochepa magazi mthupi zimamuthandizanso kumene.

Miyezi yoyambirira ndiyo imavuta, kudontheza, kusamba mosatsata masiku, nthawi zina masiku ambirimbiri mpaka bambo kunyumba kuyamba kung'ung'udza. Zimakhazikika pakapita nthawi. Koma ngati magazi akutuluka ambiri mpaka chizungulire, kapena akutuluka mukatha kukhala malo amodzi ndi abambo, chonde bwerani tikuoneni, mankhwala ochepetsa alipo ndipo tingakuyezeninso khansa ya khomo la chiberekero.

Za kuuma, jakisoni saumitsa munthu. Chomwe amachita ndi kuchedwetsa. Mukasiya, ambiri amatenga mimba patatha miyezi pafupifupi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ena imapitirira chaka, ndipo zilibe kanthu kuti mwabayitsa kawiri kapena zaka 5. Apa ife achipatala tilinso ndi mbali yathu, mzere ukatalika timangobaya osafotokoza, mayi nkumalira kuti wauma pomwe akanangouzidwa. Ngati mukufuna mwana chaka chamawa chomwechi tiuzeni, mapiritsi, lupu kapena zapamkono (timitengo toika pansi pa khungu la mkono tija) zimabweza mphamvu yobereka msanga mukasiya.

Vuto lalikulu lomwe ine ndimaona si mankhwalawo koma kuphonya tsiku. Mukachedwa osapitirira masabata 4 timakubayanibe, kupitirira apo tiyambe tatsimikiza kuti mulibe mimba ndipo mugwiritse ntchito makondomu masiku 7. Nchifukwa chake Sayana Press ndimaikonda. Mankhwala ake ndi omwewo koma 104mg, kasingano kakafupi kobaya pansi pa khungu pamimba kapena pantchafu, ndipo mayi akaphunzitsidwa amadzibaya yekha kunyumba. Kafukufuku amene anachitika ku Nsanje anapeza kuti patatha chaka, amayi 73 pa 100 odzibaya okha anali akupitirizabe, pomwe mwa obayidwa ndi azaumoyo anali 45 pa 100. Mtunda, mvula, ndalama ya kabaza, zonsezi zimachepa. Funsani a HSA a kwanuko, ndipo singano mukagwiritsa ntchito muike mubotolo lotseka, osataya poti ana atola.

Kunenepa kumachitika, kilo imodzi kapena ziwiri pachaka kwa ambiri, ena mutu. Mayi woyamwitsa atha kuyamba mwana akakwana masabata 6, mkaka suchepa. Amene BP yake yafika 160/100 kapena anadwalapo khansa ya mmawere timamusankhira njira ina.

Pa za HIV panali mantha kuti Depo amaonjezera chiopsezo, koma kafukufuku wa ECHO wa 2019 ku Zambia, Kenya, South Africa ndi Eswatini sanapeze kusiyana kwenikweni pakati pa jakisoni, lupu ndi zapamkono. Komabe jakisoni sateteza ku HIV kapena chindoko olo pang'ono, nde kondomu ikhalepo, ndipo ngati simukudziwa mmene mnzanuyo alili mthupi funsaninso za PrEP, mankhwala othandiza kupewa kutenga HIV, tsiku lomwe mwabwera kudzabayitsalo.