Kachilembo kamene kamasintha mtengo wa quarter ya ku America

Anthu akandibweretsera ndalama zachitsulo za ku America kuti ndiwauze mtengo, amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Iyitu ndi yakale." Ndimawakhumudwitsa msanga. Ukale pawokha sukweza mtengo wa khobidi. Chimene ogula amalipirira ndi kusowa kwake, ndipo kusowako timakudziwira pa chaka ndi pa kachilembo kamene ambiri sakaona n'komwe.

Quarter ndi ndalama ya masenti 25, ndipo kuyambira 1932 pafupifupi iliyonse imakhala ndi nkhope ya George Washington. Kachilemboko kamanena kumene inasulidwa: P ndi Philadelphia, D ndi Denver, S ndi San Francisco, W ndi West Point. Pa zambiri zochokera 1968 kupita m'tsogolo mukapeza kumbali ya nkhope, kuseri kwa khosi, pafupi ndi kansalu komangira tsitsi. Za 1932 mpaka 1964 muzitembenuze, kali pansi pa chiwombankhanga. Ikapanda chilembo musathamangire kusangalala kuti mwatola yolakwika: Philadelphia inayamba kuika P pa quarter mu 1980, ndipo kuyambira 1965 mpaka 1967 palibe fakitale imene inkaika chilembo.

Taonani za 1932. Philadelphia inasula zoposa 5 miliyoni, Denver 436,800, San Francisco 408,000 zokha. Chaka chimodzi, nkhope imodzi, koma ya D kapena S imagulidwa mtengo woposa inzakeyo kambirimbiri. Akathyali amazidziwa zimenezi, moti ena amamatirira ka D pa khobidi la Philadelphia. N'chifukwa chake ine ndimayamba ndakaunika ndi galasi lokulitsira, kuona ngati m'mbali mwa chilembocho muli kamzere ka pomatira.

Palinso nkhani ya siliva. Ma quarter a 1964 kubwerera m'mbuyo ali ndi siliva magawo 90 pa 100, choncho ngakhale atafufutika bwanji amaposa masenti 25. Iimikeni chammbali muone mkombero wake: mukaona kamzere kofiirira ka mkuwa, imeneyo ndi ya 1965 kapena pambuyo pake. Pa sikelo, yasiliva imalemera magalamu 6.25, inayo 5.67.

Imene imanamiza anthu kwambiri ndi ija yolembedwa 1776-1976, ya munthu woimba ng'oma. Sinasulidwe mu 1776 ayi, ndi yokumbukira zaka 200 za ufulu wa America, ndipo anasula zoposa biliyoni imodzi. Yogwiragwira kale ndi masenti 25 basi. Pamene ya W ya 2019 kapena 2020, yatsopano chonchi, osonkhanitsa amaisakasaka chifukwa mtundu uliwonse anasula 2 miliyoni yokha n'kuisakaniza ndi ndalama wamba.

Chimene chimandiwawa ndi kulandira khobidi labwino litakwechedwa ndi phulusa kapena mchenga ngati poto, ati liwale. Ogula amafuna khungu lake lachibadwa, ngakhale lada, ndipo timizere ta kukwechako timagwetsa mtengo mosabwezeka. Ligwireni m'mbali, mulikulunge m'kapepala kouma, mubwere nalo momwe lilili.